Beseni la Amai Virginia Ngulube

Akhristu anzanga, Bambo wansembe atandiuza kuti ndilembe za moyo wa Amai Virginia Ngulube m'kanyuzi kathu ka parishi, ndinayamba ndakana. Ine Wilbroad Mumba ndine wosoka nsapato, ndipo dzanja langa linazolowera singano ndi mphira, osati cholembera. Koma iwo anangoseka, nati nkhani ya mapazi iyenera kulembedwa ndi munthu wodziwa mapazi. Pamenepo ndinavomera. Ndakhala moyandikana ndi maiwa kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi zino, ndipo zambiri zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso angawa. Za ubwana wawo anandiuza okha, atakhala pakampando ka pantchito panga, uku akundinena kuti nsapato zanga zimaluma.

Amai Virginia anabadwira m'kamudzi kena kufupi ndi Minga, mishoni isanamangidwe. Mai awo anamwalira iwo ali kamtsikana kongoyamba kumene kusinja, n'kuwasiyira azing'ono awo oti awalere. Masiku amenewo nsapato inali ya mzungu ndi mphunzitsi basi, ndipo matekenya anali ponseponse. Inu ana a lero mwina simuwadziwa. Ndi tinthata ta m'fumbi timene timalowa pansi pa zikhadabo za kumapazi n'kuikira mazira momwemo, chala n'kutupa. Ukachedwa kuchotsa, chala chimaola. Luso lake lagona pa kutulutsa kathumba ka mazira konse osakaphulitsa, ndipo kamtsikanako kanaphunzira zimenezi pa mapazi a azing'ono ake, ndi munga wa mthethe. Palibe mmodzi mwa anawo amene anaduka chala.

Ansembe atafika ku Minga, iwo analowa kalasi la ubatizo. Katekisimu ankamuloweza movutikira, ndipo sankabisa. Chimene chinawagwira mtima chinali Lachinayi Loyera lawo loyamba, ataona wansembe wandevu zake akugwada pansi n'kumasambitsa mapazi a amuna a m'mudzi. Akuti ananong'oneza mnzawo kuti, "Uyu sadziwa kutsuka, wasiya pakati pa zala." Koma pondiuza nkhaniyi atakalamba anawonjeza kuti potuluka m'tchalitchi tsiku limenelo analira njira yonse, osadziwa chowaliritsa.

Anakwatiwa ndi a Stanislaus Daka, munthu wofatsa amene anakakumbako golide ku Sasare n'kubwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha, ndi beseni loyera la mkombero wabuluu limene anagulira mkazi wawo. Monga mwa mwambo wathu, a Stanislaus anadzamanga kwawo kwa mkazi. Ana anabadwa angapo, koma ankangopitirira ali makanda, ndipo manda ang'onoang'ono anandandalikana kumsitu. Anatsala mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Febby. Ameneyu anali mtima wa atate ake. Kulikonse kumene a Stanislaus akutsokomola, ukayang'ana pambali upeza Febby wanyamula chikho cha madzi.

Chaka cha njala yaikulu ija, Chitaganya chisanayambe, nkhokwe yawo inali imodzi mwa zochepa zimene zinatsalako kachimanga pansi. Lamulungu lina m'mawa mudzi wonse unapita ku Misa, a Stanislaus n'kutsala okha chifukwa cha chifuwa. Pobwerako tinawapeza ali gone pafupi ndi nkhokwe, mutu utamenyetseka pa mtondo, chimanga chitamwazika pansi. Anangotha kunena kuti anapeza mlendo akutapa chimanga, anamugwira malaya, iye n'kuwakankha. Nkhope sanaione bwino. Anatsirizika dzuwa lisanalowe.

Mlendoyo anasiya chinthu chimodzi. Paphulusa la kuseri kwa nkhokwe panadindika phazi lakumanzere, lopanda zala ziwiri zapakati, chala chachikulu chitapatukira kunja. Amai Virginia analivundikira ndi lichero kuti nkhuku zisafafanize mpaka amesenjala a ku boma afike. Ndikukumbukira bwino Febby, kamtsikana ka zaka ngati khumi, atanjuta pambali pa mai ake, akuliyang'anitsitsa phazilo osalira n'komwe. Amesenjala analondola mapaziwo mpaka pamsewu waukulu, pomwepo n'kuwataya. Nkhani inathera pamenepo, ndipo Amai Virginia anamanga chitenje nayamba kulima okha.

M'zaka za Chitaganya, chimene kuno tinkachitcha Fedeleshoni, ndende zinadzaza. Ena anamangidwa chifukwa cha msonkho, ena chifukwa chopha nyama kuchigwa cha Luangwa popanda chilolezo, ena chifukwa cha misonkhano ya ndale, ndipo ena, tisabise, anali akuba enieni. Boma linkawatuma kukonza msewu waukulu pakati pa Petauke ndi Nyimba, ndipo msasa wawo wa waya unamangidwa chapafupi ndi kwathu. Ine nthawi imeneyo ndinali nditayamba kudula matayala akutha n'kumapanga nsapato pansi pa mtengo wa mkuyu, m'mbali mwa msewu womwewo. Akaidi ankapumira pamthunzi umenewo masana. Onse anali opanda nsapato, ndipo ankagona m'fumbi. Ambiri ankayenda ngati aponda makala.

Tsiku lina Amai Virginia akuchokera kumtsinje anaona mkaidi akukanda chala chake ndi mwala mpaka magazi. Anatula mtsuko, nakagwada chapatali pamaso pa kapitawo wolondera akaidiwo, a Peter, munthu wamfuti yake ndi nkhope yosaseka.

"Bambo, nipemphako mapazi a anthu awa."

"Mapazi? Mufuna muwathawitse?"

"Angathawe bwanji na zala zotele? Onani nokha. Nifuna chabe kuchotsa matekenya."

A Peter anaganiza kanthawi, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene anaona n'chakuti munthu wa mapazi abwino amakumba msanga. Analola. Patapita masabata ochepa ndinawaona iwo omwe atazembera kuseri kwa mkuyu, atavula jombo, phazi ali tambasu, mfuti itatsamira mtengo.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana Amai Virginia ankabwera ndi beseni lija la a Stanislaus, madzi ofunda amchere, phini wa pachitenje, mafuta a nsatsi, ndi nsanza zowiritsa. Mcherewo unkachokera kukhitchini kwawo, ndipo ine ndikudziwa kuti masabata ena iwo ndi Febby ankadya ndiwo zozizira. Ankagwada, mkaidi n'kuika phazi pamiyendo pawo, iwo n'kumagwira ntchito milomo ikugwedera ndi kolona. Poti analeredwa kuti mkazi sayang'anitsitsa mwamuna kumaso, maso awo ankakhala pansi nthawi zonse. Motero akaidi onse ankawadziwa ndi mapazi, osati nkhope. Ukawamva akuti, "Nanga a Chidendene ali kuti lelo?" ndiye kuti wina wa chidendene chong'ambika sanabwere.

Munthu ukamugwira phazi, pakamwa pamatseguka. Amuna akuluakulu ankayamba kufotokoza zimene anachita, ena kudziyeretsa, ena kulira. Iwo ankawadula mokoma mtima. "Mulandu wanu mukauze a jaji, bambo. Ine nipatseni phazi lina." Ulaliki sankaudziwa, ndipo ankanena okha kuti chimene Mulungu anawaphunzitsa ndi matekenya. Koma amuna aja anayamba kuvula zipewa beseni likamatulukira, ndipo pomaliza ankapemphera nawo limodzi, Akatolika, a mipingo ina, ngakhale amene sanapondepo m'tchalitchi chibadwire.

M'mudzi anthu sanakhale chete. Mkazi wamasiye kumasisita mapazi a amuna, amunawo n'kukhalanso mbava! Ena anati akufuna banja. Mawuwo atawafika, anangoti, "Nikafuna mwamuna ningasankhe wa zala zoola?" Anaseka, koma ndikudziwa kuti zinawapweteka, chifukwa amai ena anasiya kuwaitana kukathandizana kusinja.

Kenako linafika Loweruka limene sindidzaliiwala. Inali nyengo yachisanu, kamphepo kakuulutsa fumbi. Pamzere panali mkaidi watsopano, wamtali, wowonda, dzina lake Gideon Sakala, amene anamangidwa chifukwa chopha njati. Nthawi yake itakwana anaviika phazi lakumanzere m'beseni. Amai Virginia analitulutsa, nalipukuta, nanyamula phini. Dzanja linangoima m'malere. Ine ndinayesa kuti adzibaya, ndipo ndinasiya tayala kuti ndione. Phazilo linalibe zala ziwiri zapakati, ndipo chala chachikulu chinapatukira kunja.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, maso ali pansi, "munafikako kuno chaka cha njala?"

Munthuyo anayankha chapansipansi.

"Ninafikako, amai."

"Pa Sondo m'mawa, anthu ali ku Misa?"

Gideon anafuna kukoka phazi, koma iwo anamugwira pakakolo. "Khalani. Sininatsilize." Anachotsa matekenya onse limodzilimodzi, osaphulitsa ngakhale kathumba kamodzi, napaka mafuta, namanga nsanza. Atatha anadzutsa mutu n'kumuyang'ana kumaso, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchitira mkaidi aliyense. Kenako anakhuthula madzi, natenga beseni, napita kwawo, amuna ena akadali pamzere.

Masabata angapo sanabwerenso. Beseni linangokhala chovundikira pathandala. Tonse tinkadziwa chimene chinali m'manja mwawo: masiku amenewo wopha munthu ankapita pachingwe, ndipo mawu awo okha ku boma akanakwanira kuyambitsa ulendo umenewo. Patapita zaka anandiuza kuti, "Wilbroad, usamauze anthu kuti chinali chapafupi. Chingwe chija ninachifuna. Ninali kuchiona na m'maloto, mtima wanga n'kukondwa." Anapita kwa wansembe wa nthawi imeneyo, amene anawamvetsera mpaka kumapeto, nawauza moona mtima kuti katunduyo sangawasenzere, angathe kungogwada nawo limodzi. Anagwadadi.

Febby, amene tsopano anali namwali wotomeredwa ndi kalipentala wa ku Ndake dzina lake Febian, analibe chikayiko. Ndinamumva ndekha, poti mipanda yathu inali yogundizana.

"Amama, mailo kukacha tipite ku boma. Atata anafela pamtondo monga galu, ndiye imwe mumupaka mafuta?"

"Nimvela, mwana wanga."

"Simumvela! Beseni lija anagula ni atata!"

Amene anathetsa kudikirako anali a Peter. Anabwera kunyumba kudzanena kuti phazi lina la mkaidi wamtali uja latupa mpaka m'bondo, ndipo munthuyo wasiya kudya. Amai Virginia atamva anapita kukatereka madzi.

Atafika pamkuyu, Gideon anawauza zonse asanamufunse. Chaka chija anali ndi ana awiri amene anali atasiya ngakhale kulira chifukwa cha njala. Anayenda mudzi ndi mudzi kupempha, osapeza kanthu. Atagwidwa malaya anakankha n'kuthawa, ndipo sanadziwe kuti munthuyo anamwalira mpaka tsiku lija la beseni.

"Nanga ana?" anafunsa Amai Virginia, akufinya mafinya.

"Anamwalila onse awili, amai. Chimanga chija sichinakwanile."

Anapitiriza kutsuka, misozi ikugwera m'beseni. Pomanga nsanza anati, "Ine ku boma sinipita. Koma akanifunsa sinizanama, ndipo mwana wanga sinizamumanga pakamwa. Zotsala ni zanu na Mulungu." M'mawa mwake Gideon anapempha a Peter kuti amutengere kwa bwana wa ku boma, ndipo anakaulula yekha.

Mlandu unakazengedwa ku Fort Jameson. Amai Virginia, amene anali asanakwerepo galimoto, anakwera pamwamba pa lole ya matumba. Amene anali m'khotimo anatiuza kuti ataitanidwa anakana kuimirira m'bokosi la mboni, nagwada pansi monga ankagwadira pamsewu. Ananena zonse zimene anaona, osachotsa kanthu. Kenako anapempha womasulira kuti auze woweruza mawu awa: "Mukamupachika uyu, mwamuna wanga sauka. Munisiyile wamoyo. Nayamba kumukhululukila, koma sininatsilize." Khoti linapeza kuti Gideon sanalinge kupha, ndipo linamupatsa zaka zambiri ku ndende yakutali.

Apa ndi pamene panali mtanda weniweni wa Amai Virginia, ndipo ndikufuna muumvetse. Anapulumutsa munthu wa eni ake, nataya mwana wawo yekhayo. Febby atakwatiwa, Febian anali wokonzeka kudzamanga kwa mkazi monga mwa mwambo, ndipo mitengo anali atadula kale. Koma Febby anakana, nati sangadyere pakhomo pamene pali beseni limenelo. Anatengana ulendo wa ku Ndake. Mitengo ija inadyedwa ndi chiswe ili pamulu, ndipo mai amene anayenera kukalamba adzukulu akusewera pabwalo pake anatsala yekha ndi nkhuku. Febby ankabwera kamodzikamodzi, mwaulemu wake, ndi kaufa ndi kasopo, koma nkhani sinkapitirira za mvula. Sindinamvepo Amai Virginia akumudandaula. Ankangoti, "Iye anali kupatsa atate ake madzi. Musiyeni." Koma kolona wawo wa tsiku lililonse ankamuperekera Febby, ndipo kansalu kamene ankamuberekera ali khanda anakasunga pansi pa mtsamiro mpaka imfa.

Ntchito sanaisiye. Msasa utasunthira cha ku Nyimba ankaulondola wapansi, beseni pamutu, n'kumagona kwa Akhristu a m'njira. Chitaganya chitatha, dziko n'kulandira ufulu, analoledwa kumalowa m'bwalo la ndende ku boma, ndipo pang'onopang'ono amai ena a parishi anayamba kuwatsatira, kuphatikizapo ena mwa aja ankawanena. Madalaivala a malole ankawadziwa, chifukwa nthawi yokolola ankawapatsira kamtolo ka mtedza koti kakafike kwa Gideon.

Tsiku lina, ufulu utakhazikika kale, pamkuyu panga panaima munthu wa imvi, wopanda nsapato. Sindinafunike kuyang'ana kumaso kuti ndidziwe kuti ndi Gideon, atamasulidwa kundende. Mkazi wake anali atakwatiwa kwina, ndipo kwawo anamuuza kuti malo a munthu wamagazi kulibe. Anandifunsa njira ya kwa Amai Virginia, ngakhale ankaidziwa bwino, ndipo ndinamuperekeza. Tinawapeza akupeta mapira. Anayang'ana pansi, anaona mapaziwo, nati, "Mwafika, mwana wanga. Khalani apo nifunditse madzi."

Anamupatsa munda wawo wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo iye anamanga kanyumba kumeneko. Ankawalimira, kuwafolera denga, kuwatemera nkhuni. Iye anali wa mpingo wina, ndipo iwo sanamukokere kwathu ngakhale tsiku limodzi. Lamulungu aliyense ankalowera kwake, masana n'kudyera pamodzi. Ine ndinamusokera nsapato zachikopa, yakumanzere nditaikamo thonje pamalo a zala zosowazo. Febby atamva, anaika lamulo limodzi: iye akabwera kudzaona mai ake, munthu ameneyo asaoloke mtsinje. Gideon analisunga lamulolo zaka zonse osaphonya. Akangoona utsi wa alendo pakhomopo, ankakhala kutsidya mpaka atapita.

Ukalamba unawapeza akadali pantchito. Maso atachita chidima ankapeza thekenya ndi nsonga za zala zokha, ndipo sankaphonya. Nsapato zitachuluka matekenya anachepa, ndipo ankandiimba mlandu kuti ine ndi matayala anga tawalanda ntchito. Komabe ankapita kundende kukasambitsa mapazi ngakhale opanda chilonda, chifukwa ankati munthu amene sanakhudzidwe ndi dzanja lachifundo kwa chaka chathunthu amadwala ndithu, ngakhale asatupe paliponse.

Mvula ya chaka chino itangosiya, mphamvu zinawathera. Anagonako kuchipatala ku Minga, kumene masisitere anawasamala bwino, koma anapempha kuti akatsirizikire kwawo. Febby anabwera kudzadwazika, nayenso tsopano ali ndi imvi zake. Anawasamala usana ndi usiku, ndipo pa zimenezo palibe angamunene. Tsiku lomaliza Bambo wansembe anawadzoza mafuta nawapatsa Ukaristia, ife oyandikana nawo tili pakhonde.

"Febby," anatero ndi mawu otsika, "kutsidya kuli munthu."

Febby anayang'ana kukhoma. Iwo anafufuza dzanja lake, naligwira.

"Chabwino. Sinikukakamiza. Na ine chinanitengela nthawi. Koma beseni usataye."

Anapempha kuti tiyambe kolona. Tili m'kati, nthawi imene mbuzi zimabwerera kukhola, milomo yawo inaleka kugwedera. Anapita mofatsa ngati mwana wogona pamsana.

Pamaliro panadza anthu amene sitinawaonepo, amuna okalamba ochokera ku Nyimba, ku Sasare, ngakhale kuchigwa, aliyense ndi nkhani ya phazi lake. Mmodzi yekha ndiye anasowa. Febby anatumiza mawu kuti Gideon asaponde pamaliro a mai ake, ndipo iye anamvera. Popita kumanda ndinamuona ataima kutsidya, chipewa chili m'manja, akumvera nyimbo patali. Mtima unandiwawa kwambiri.

Mukudziwa mwambo wathu, kuti tikaika maliro timasalaza dothi ndi kusesa ndi masamba kuzungulira manda, kuti m'mawa tikaone ngati pafika chilombo kapena munthu wa zolinga zoipa. M'mawa mwake tinapita, achibale patsogolo. Pamtumbira panali mapazi a munthu wosavala nsapato, ndi maenje awiri a mawondo kumutu kwa manda. Mapaziwo anatulukira mbali ina, kulowera m'tchire la zisonga, motalikirana ngati a munthu wothawa. Amai amene tinali nawo anayamba kukuwa. Anyamata a ku Ndake, adzukulu a malemu amene nkhani yakale sankaidziwa bwino, anathyola zibonga nati mfiti imeneyi ailondole isanafike patali.

Ine ndinali nditatsalira m'mbuyo chifukwa cha mawondo angawa, ndipo polowera kumanda, pansi pa chitsamba, ndinapeza nsapato ziwiri zitaikidwa bwinobwino moyandikana. Ulusi wake unali wanga. Munthu wosaukayo anabwera mbandakucha kudzatsazika, anavula nsapato mwaulemu monga polowa m'nyumba ya mai ake, osaganiza kuti akudinda phazi pa dothi losesedwa, ndipo atamva mawu athu anathawa kuti asaswe lamulo la Febby. Ndinazitola n'kupita nazo kutsogolo, koma sindinalankhule. Mawuwo sanali anga.

Febby anali atanjuta pambali pa mtumbira, monga ananjutira paphulusa ali kamtsikana. Phazi lake linali lomwelo, lopanda zala ziwiri, koma tsopano pafupi ndi maenje a mawondo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anyamata anali ataima kale m'mphepete mwa tchire, akungodikira kuti iye agwedeze mutu.

"Amama, tiyende?" anafunsa mwana wake wamkulu.

"Tayani mitengo iyo," anatero Febby. "Phazi ili nilidziwa. Si mfiti. Ni mwana wa amama."

Anaimirira, naona nsapato m'manja mwanga, nazitenga. Anapita kunyumba, anatereka madzi, anachotsa beseni pathandala, nafunafuna phini pachitenje cha malemu. Kenako tinamuona akutsikira kumtsinje umene anali asanauoloke chibwerere Gideon. Ine ndinamutsatira chapatali, ndipo musandifunse ngati chinali chifundo kapena chidwi.

Gideon anali atakhala pakhonde pake, mapazi ali magazi okhaokha ndi zisonga. Ataona Febby anafuna kudzuka kuti alowe m'nyumba, koma analephera kuponda. Febby anatula beseni, nagwada. Manja ake sanazolowere, ndipo madzi anatayikira pachitenje. Onse awiri ankalira, osayang'anana.

"Bambo," anatero Febby, maso ali pansi, "nipatseni phazi."

Anayambira lakumanzere.

Akhristu anzanga, Amai Virginia sanasiye ng'ombe kapena nyumba yamalata. Anasiya beseni lakale limene ndalimata kale kawiri pansi pake, ndipo likudonthabe pang'ono. Loweruka likubwerali amai a parishi anyamuka nalo kupita kundende Misa ya m'mawa ikatha, ndipo amene alisenze ndi Febby. Akuti mchere wachepa, choncho amene ali nawo abweretseko. Ambuye amene anagwada ndi beseni pamaso pa ophunzira ake awalandire mai athuwa, awakhazike pansi, ndipo ulendo uno Ambuyewo ndiwo awasambitse mapazi.